GALU ALI NDI MWINI WAKE

Nkhani ya lero siiri ya cimanga kapena ya fodya, koma ya ciweto cimene cipezeka pafupifupi pa khomo liri lonse, ndico galu.

Mlimi ali yense adziwa mwambo wa ng'ombe. Ng'ombe zikathyola khola usiku ndi kukadya cimanga m'munda wa wina, palibe amene amaitana ng'ombezo ku bwalo la mfumu kuti zikayankhe. Woitanidwa ndi mwini khola, ndipo wolipira ndi iye yemwe. Koma codabwitsa ndi ici: munthu amene amanga khola lolimba la ng'ombe zake, galu wake amamleka ayende kumene afuna, usana ndi usiku, osadziwa kumene wadya kapena cimene wakomana naco. Tsiku limene galuyo aluma mwana pa njira, mwini amati, "Nanga ine ndikanatani? Ndi galu." Yankho lotere silimveka pa bwalo. Galu ali ndi mwini wake, ndipo cimene acita kunja kwa mpanda ndi mlandu wa mwiniyo.

KU SOWETO NDI M'MISEU YA LUSAKA

Nkhaniyi iyambira mu mzinda wa Lusaka, cifukwa masiku ano mudzi ndi tauni ziri pa njira imodzi. Msika wa Soweto, umene uli cakumadzulo kwa pakati pa mzinda, ndiwo msika waukulu wa zokolola. Alimi a ku Chongwe, Chibombo, Mumbwa ndi Kafue, ngakhalenso a kutali ku Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, amabwera kumeneko ndi matimati, kabici, anyezi, mbatata, nyemba ndi nshawa. Malole ambiri amafika usiku, eni katundu amagona pa matumba ao, ndipo malonda amayamba dzuwa lisanatuluke.

Tsono nthawi imeneyo ndiyonso nthawi ya agalu. Pa msika uli wonse pamatsala mitu ya nsomba, matumbo a nkhuku ndi nsima yotayidwa, ndipo agalu oyendayenda amasonkhana pa milu ya zinyalala kukangana ndi kulumana. Agalu amenewa sanagwe kucokera kumwamba. Ambiri a iwo ali ndi makomo kumene anabadwira ndi kumene amabwerera kukaca, koma eni ake sawamanga ndipo sawapatsa cakudya cokwanira.

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu a mu mzindamo apitirira 2,000,000. Pamene anthu acuruka, agalunso acuruka, ndipo mbali iri yonse ya mzinda iri ndi bvuto lake. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene anthu amati kumayadi, nyumba zambiri ziri ndi malinga a njerwa ndi mageti a citsulo, ndipo eni ake amaweta agalu akuluakulu olondera. Agaluwo amadya bwino, koma geti likatsegulidwa m'mawa kuti galimoto ituluke, galu amene wakhala usiku wonse ali kudikira mbala amatulukira pa mseu, pamene ali kupita mwana wa sukulu kapena mai wosenza dengu la ndiwo. Ku Kabwata nyumba ziri pafupipafupi ndipo mabwalo ndi aang'ono, cotero galu mmodzi womasuka amasautsa mseu wonse. Ku Chelstone, m'mbali mwa mseu wa Great East Road umene malole a kum'mawa amadzera, anthu ambiri amayenda pansi mbandakuca kukakwera mabasi.

Anthu oyenda pansi m'miseu imeneyi ambiri ndi ana ndi abale a alimi: anyamata olima madimba a kumayadi, alonda a usiku, okankha mawilibala a katundu, ndi azimai amene amagula ndiwo ku Soweto ndi kukazigulitsa khomo ndi khomo. Galu wa m'tauni akaluma, kawirikawiri maliro kapena ngongole ya cipatala zimafika kumudzi.

NTHENDA YA CIWEWE

Kulumidwa ndi galu kumapweteka, ndipo galu wamkulu angathe kupha mwana ndi mano okha. Koma coopsa coposa ndico nthenda ya ciwewe. Kacirombo kake kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, koma nthawi zina sabata imodzi cabe, ndipo nthawi zina caka cathunthu. Bala limapola, munthu amaiwala, koma nthenda iri m'njira. Zizindikiro zikaoneka, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kulephera kumeza, palibe dokotala kapena sing'anga amene angamcize munthuyo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti ciwewe cimapha anthu ngati 59,000 caka ciri conse, ndipo pafupifupi onsewo ndi a mu Africa ndi mu Asia. Mwa anthu 100 odwala nthendayi, ofika 99 amaitenga kwa galu. Ndiponso mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama yoganiziridwa ciwewe, 4 ndi ana osakwana zaka 15, popeza ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndipo akakandidwa amabisa poopa kukalipiridwa.

Galu wa ciwewe sakhala waukali masiku onse. Wina amathamanga mitunda yambiri, kuluma mitengo, miyala ndi ciri conse cimene akomana naco. Koma wina amangofooka, cibwano ciri lende, malovu ali cucucu, ngati wameza fupa. Galu woteroyo asagwidwe ndi manja.

CIWEWE M'KHOLA

Mlimi ataya kawiri ndi nthenda imeneyi, cifukwa imagwiranso ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi abulu. Agalu oyenda m'thengo amalumana ndi nkhandwe, ndipo pobwera kumudzi amaluma ziweto m'miyendo kapena pa mphuno. Ng'ombe yodwala ciwewe imalira kosalekeza ndi mau osasa, imadontha malovu, imaleka kudya, ndipo potsiriza miyendo ya m'mbuyo imafooka. Alimi ena poona malovuwo amayesa kuti yatsamwa ndi citsononkho kapena mango, napisa dzanja m'kamwa mwake. Kucita motero ndi kudziika pa ngozi, makamaka ngati pa dzanja pali kabala. Ng'ombe yotere isiyidwe payokha, a Vetenale aitanidwe, ndipo ikafa isasendedwe kapena kudyedwa.

Pali njira inanso imene nthendayi imafikira kumudzi. Mlimi akagulitsa katundu wake ku Lusaka amaona tiagalu tokongola togulitsidwa m'mbali mwa mseu, nagula kamodzi kuti kakalondere nkhokwe. Kagalu kameneka kangaoneke kamoyo ndithu, cikhalireco kanalumidwa kale, ndipo nthenda idzaonekera patapita masabata kali m'manja mwa ana. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu asakweze galu pa lole popanda kuona cikalata ca katemera, ndiponso asacoke naye m'dera lina kupita m'dera lina asanafunse ku ofesi ya Vetenale.

LAMULO LINENA CIANI

Lamulo la agalu m'dziko la Zambia si la dzulo ai. Linaikidwa mu 1929, ndipo lero lipezeka m'buku la malamulo pa mutu 247, dzina lake Control of Dogs Act. Colinga cake ndi kulembetsa agalu, kuwasunga bwino, ndi kuletsa ciwewe. M'mizinda mwini galu ayenera kumlembetsa ku Khonsolo, ndipo ku Lusaka likulu la Khonsolo liri ku Civic Centre pa mseu wa Independence Avenue. Galu ayenera kukhala wobayidwa katemera wa ciwewe. Nthendayi ikabuka m'dera, Boma liri ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse amangidwe, ndipo galu wopezeka ali kuyendayenda m'masiku amenewo angathe kuphedwa. Lamulo lina la mu 2010, la Animal Health Act, linaonjezera mphamvu za a Vetenale pa nchito yoletsa nthenda za ziweto.

Pamwamba pa izi, munthu amene galu wake wapweteka mnzake kapena kupha ciweto ca wina angathe kutengeredwa ku khoti ndi kulipiritsidwa. Kunena kuti geti anatsegula ndi mwana kapena wanchito sikucotsa mlandu pa mwini nyumba.

ZOYENERA KUCITA MWINI GALU

1. Abayitse galu wake katemera wa ciwewe akakwana miyezi itatu, ndipo abwereze caka ndi caka. Cikalata ca katemera cisungidwe pamodzi ndi makalata ena ofunika a pa nyumba.

2. Amsunge m'kati mwa mpanda. Kumudzi mpanda wa udzu kapena wa nsungwi ndi kakhola ka mitengo zikwanira. Galu womangidwa akhale pa mthunzi, pafupi ndi madzi, ndipo cingwe cikhale cacitali. Galu womangidwa pa dzuwa tsiku lonse ndi cingwe cacifupi amasanduka waukali.

3. Potuluka naye pa mseu, ku msika kapena ku dibi, amgwire ndi cingwe kapena unyolo, ndipo wogwira akhale munthu wamkulu amene angathe kumletsa.

4. Asanatsegule geti la galimoto, ayambe watsekera galu.

5. Amdyetse. Galu wokhuta sapita ku dzala, ndipo sagwira nkhuku za anansi.

6. Awete agalu amene angathe kuwadyetsa. Madokotala a ziweto amafula agalu amuna ndi kutseka akazi kuti asabale. Kutaya tiagalu ku msika kapena m'ngalande ndiko kubzala bvuto la mawa. Ku Lusaka kuli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limene limasamala agalu osowa pokhala, ndiponso sukulu ya madokotala a ziweto ya pa University of Zambia iri ndi cipatala ca nyama.

MUNTHU AKALUMIDWA

Coyamba ndi madzi ndi sopo. Bala litsukidwe nthawi yomweyo kwa mphindi 15, madzi ali kuyenderera, ngakhale litakhala kukanda cabe. Kutsuka kumeneku kumacotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'thupi. Pa bala pasaikidwe tsabola, dothi, phulusa kapena ubweya wa galu woocha, pakuti zimenezi siziletsa ciwewe.

Caciwiri ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo. Wolumidwa ali ku Soweto asayembekeze kuti akaonetse bala atafika kumudzi. Cipatala ca Kanyama siciri kutali ndi msikawo, ndipo mu mzinda muli zipatala zazikulu za University Teaching Hospital ndi Levy Mwanawasa. Katemera wa munthu wolumidwa amabayidwa kangapo pa masiku osiyana, ndipo wodwala ayenera kumaliza nyeleti zonse, ngakhale bala litapola.

Cacitatu ndi kudziwitsa a Vetenale ndi apolisi. Apa mpamene mwini galu woona mtima amadziwika. Iye asabise galuyo, asamthamangitse, ndipo asakane kuti ndi wake. Aonetse cikalata ca katemera, ndi kumanga galuyo masiku 10 kuti a Vetenale amuone. Ngati galuyo wafa kapena waphedwa, mutu wake usaphwanyidwe, cifukwa ubongo ndiwo umapimidwa ku nyumba yofufuzira nthenda za ziweto ya ku Balmoral, pafupi ndi Chilanga. Koma wolumidwa asadikire masiku 10 amenewo; ayambe katemera msanga.

NTHENDAYI INGATHE KUGONJA

Katemera wa ciwewe wakhalapo zaka zambiri. Pa 6 July 1885, mu mzinda wa Paris, katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anayesa mankhwala ake pa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa koopsa ndi galu, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa 28 September caka ciri conse. Maikowo anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi ciwewe cocokera kwa galu.

Madokotala anapeza kuti agalu 7 mwa 10 a m'dera akabayidwa katemera caka ndi caka, nthendayi imasowa podzera ndipo imazirala. Anansi a ku Malawi anaonetsa kuti zimenezi zitheka. Mu 2015, mu mzinda wa Blantyre, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a Vetenale a Boma anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 a nchito, ena pa malo osonkhanira, ena khomo ndi khomo. Nchitoyo inatheka cifukwa eni agalu, ndi ana omwe, anagwira zingwe ndi kubwera nao agalu ao. Mutu umodzi susenza denga.

Cotero a nyakwawa ndi alangizi a zaulimi apemphedwa kukumbutsa anthu ao za nkhaniyi pa misonkhano ya m'midzi, ndi kufunsa ku ofesi ya Vetenale ya m'boma lao tsiku limene katemera adzafika. Tsikulo likalengezedwa, khomo liri lonse litumize agalu ake onse, angakhale aulenje, angakhale olondera. Cingwe cimodzi ndi nyeleti imodzi pa caka mtengo wake sufika pa mtengo wa ng'ombe, ndipo moyo wa mwana ulibe mtengo konse.