Katundu Wotchedwa "Grief"

 Lero tifuna tisinkhesinkhe pamodzi liwu limodzi la Chingerezi limene ambiri a ife talimvapo m'zipatala ndiponso taliwerengapo m'makalata achipepeso. Liwulo ndi "grief".

Tikamalimasulira mwachangu timangoti chisoni. Koma chisoni chathu n'chotakata: timamva chisoni mbuzi ikasowa, timamveranso chisoni mlendo amene wasochera. "Grief" ndi chisoni chozama, makamaka cha munthu amene imfa yamulanda wokondedwa wake. Liwuli linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi liwu la Chilatini lakuti "gravis", kutanthauza chinthu cholemera. Ku muzu womwewo ndi kumene kunachokera "gravity", mphamvu ija imene imagwetsera mango pansi. Choncho anthu akale, pofuna kutchula ululu wa munthu woferedwa, anautcha katundu.

Eni ake chilankhulochi amasiyanitsa "grief" ndi "mourning". "Mourning" ndi zimene zimaoneka ndi maso, monga zovala zakuda ndi miyambo ya maliro. "Grief" ndi zimene zimatsalira mumtima. Miyambo ili ndi tsiku lake lothera, koma katundu wa mumtima sawerenga masiku.

Abale ndi alongo, apa tiyenera kudzifunsa bwino. Pa maliro ife timayesetsa ndithu. Amayi amagona pa siwa, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amakumba manda, a kwaya amaimba usiku wonse. Koma tikaika maliro, aliyense amabwerera kwawo. Mayi wamasiye amatsala yekha, akuyang'ana mpando umene mwamuna wake ankakhalapo. Pakapita mwezi umodzi akulirabe, timamuuza kuti, "Limbani mtima, kodi simukhulupirira?" Potero timamusenzetsa katundu wachiwiri, wa manyazi, pamwamba pa woyamba uja.

Tamverani za C. S. Lewis, mphunzitsi wa pa yunivesite za Oxford ndi Cambridge, amene analemba mabuku ambiri oikira kumbuyo chikhulupiriro chachikhristu. Mkazi wake, Joy Davidman, anamwalira ndi matenda a khansa mu 1960. Mu 1961 Lewis anatulutsa kabuku kotchedwa A Grief Observed, ndipo poyamba sanaikepo dzina lake lenileni. M'kabukumo analembamo mantha ake, mkwiyo wake ndi mafunso owawa amene anafunsa Mulungu. Ngati munthu wozama chotere m'mawu a Mulungu anadzandira ndi katunduyu, ife tingamudzudzule bwanji mayi uja?

Baibulo la Chingerezi la King James, limene linasindikizidwa mu 1611, linagwiritsa ntchito liwu lomweli pa Yesaya 53, pofotokoza za Mtumiki amene ululu umenewu anaudziwa, nausenza m'malo mwathu. Ndipo ku Betaniya, pa manda a Lazaro, Ambuye ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa bwenzi lawolo, komabe misozi inatuluka m'maso mwawo.

Tsono kwa inu amene mwaferedwa tikuti: misozi yanu si tchimo, ndipo siitanthauza kuti chikhulupiriro chanu chachepa. Mwasenza cholemera chifukwa munakonda kwambiri. Musabise kutopa kwanu pamaso pa Mulungu.

Kwa ife a mumpingo, makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Sabata ino tikumbukire nyumba imene tinapitako ku maliro chaka chatha. Tikafike pakhomopo opanda ulaliki wautali. Tikatunge madzi, tikathandize kupalira kumunda, tikafunse ngati ana akupitabe kusukulu. Woferedwayo akafuna kukamba za malemu, tikhale pansi ndi kumvetsera, ngakhale nkhaniyo tinaimvapo kale.

Tiyeni tipemphere. Atate, Inu mudziwa kulemera kwa mtima wa aliyense amene akutimva. Limbitsani osenza, ndipo ife mutipatse mapewa oti tiwalandire. M'dzina la Yesu, Amen.