Anapiye Atatu Oyera: Mawu Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka

Mwandipatsa mphindi khumi, choncho za ntchito yanga ya m'boma ndizisiya. Ndikamba za nkhuku.

Ndili mu Fomu 1, thadzi lakuda la mayi anga linaswa anapiye 12. Tambala wathu analinso wakuda, koma atatu mwa anapiyewo anatuluka oyera mbee. Mayi ena oyandikana nafe anali ndi thadzi loyera, ndipo anati ilo ndilo linkaikira m'chisa chathu. Mlandu unafika kwa a nyakwawa. Iwo anafunsa funso limodzi lokha: kodi zakuda ziwiri zingabale choyera? Mayi anasowa poyankha, anapiye atatu aja anapita, ndipo mabanja awiriwa sanapalane moto kwa zaka ziwiri.

Yankho ndinalipeza mochedwa, m'kalasi ya Biology. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anasindikiza m'chaka cha 1866 zimene anapeza pa nsawawa: chamoyo chimalandira majini awiri a khalidwe lililonse, lina kwa bambo, lina kwa mayi. Sindikunena majini ogwira anthu aja, ayi. Jini lina ndi lamphamvu, lina limabisala, ndipo lobisalalo limaonekera pokhapokha mwana akalilandira mbali zonse ziwiri. M'chaka cha 1902 William Bateson wa ku Cambridge anaonetsa kuti lamuloli limagwiranso ntchito pa nyama, ndipo anayesera pa nkhuku.

Tsono tambala wakuda ndi thadzi lakuda, onse atabisa jini loyera, amabala pafupifupi mwanapiye mmodzi woyera mwa anayi alionse. Atatu mwa 12. Sindingalumbire kuti thadzi la eni lija silinalowe m'chisa chathu, koma masamu anali kumbali ya mayi. Chenjerani pokha kuti kuyera kulipo kuwiri: kwa White Leghorn n'kwamphamvu, kumaphimba kuda.

Ambiri a inu munagulapo atambala a Mikolongwe, amene dzina lawo lenileni ndi Black Australorp. Kuda kwawo n'kwamphamvu, n'chifukwa chake anapiye oyamba amatuluka akuda ngakhale mayi wawo ali wofiira. Mukalola anawo kukwerana okhaokha, ofiira ndi amawanga amabwereranso. Sanakunamizeni pokugulitsani, mtundu wa agogo unangobisala.

Chimene ine chimandisangalatsa n'chakuti kwa nkhuku, thadzi ndilo limagamula ngati mwana akhale tambala kapena msoti, chifukwa lili ndi makromozomu Z ndi W, pamene tambala ali ndi Z awiri. Jini la nthenga zamizeremizere limakhala pa Z. Mukaphatikiza thadzi lamizere ndi tambala wakuda, ana aamuna amaswedwa ndi kadontho koyera pamutu, aakazi amakhala akuda bii. Mumawasiyanitsa tsiku loyamba lomwelo, chakudya musanaononge.

Lamulo la anapiye atatu aja ndilonso limabweretsa mwana wachialubino kwa makolo awiri akuda. Jini limachokera kwa onse awiri, komabe amene amathamangitsidwa pabanja ndi mayi. Mwezi watha ndinajambula mabokosi anayi aja a Punnett kuseri kwa envulopu, kufotokozera msuweni wanga amene anali atatumiza kale mkazi wake kwawo. Envulopuyo anaitenga. Sanandiyankhebe.