Safunsa Adadya Phula: Phunziro la Pulofesa Address Malata kwa Ana a ku Salisbury Lines



Makolo akale adasiya mwambi wakuti safunsa adadya phula. Munthu uja adapeza chisa cha njuchi, koma pochita manyazi kufunsa chodyedwa, adatafuna phula nasiya uchi. Kawirikawiri mwambiwu umanenedwa podzudzula wodzikuza, koma ukuchitiranso umboni kuti makolowo ankalemekeza munthu wofunsa. Nkhani ya lero ndi ya mayi wina wa dziko lino amene ntchito yake yonse idamangidwa pa kufunsa, ndipo pambuyo pake adatsegulira achinyamata ambiri khomo la sayansi. Mayiyu ndi Pulofesa Address Malata.

Pulofesa Malata adayamba ngati namwino ndi mzamba. Adaphunzira ntchitoyi ku Yunivesite ya Malawi, kenaka adapita ku Edith Cowan University mumzinda wa Perth ku Australia, kumene adatenga madigiri apamwamba a kafukufuku. Sadakhazikike kunjako. Adabwerera kumudzi kudzaphunzitsa anamwino ndi azamba, mpaka adakhala mkulu wa Kamuzu College of Nursing. Mu 2016 adasankhidwa kukhala Vice-Chancellor wa Malawi University of Science and Technology, sukulu ya ukachenjede yodziwika ndi dzina lakuti MUST, yomwe ili ku Ndata m'boma la Thyolo. Iwo ndiwo mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko la Malawi.

Maudindo amenewa ndi aakulu, koma chofunika kwambiri kwa mwana wasukulu ndi kudziwa njira imene idawafikitsa kumeneko. Kafukufuku amene adawapatsa digiri ya PhD adakhudza maphunziro a amayi oyembekezera. Funso lawo lidali losavuta kumva: kodi mayi wa ku Malawi amene akuyembekezera afunika kudziwa chiyani za pakati, za kuchira ndi za kusamala khanda? Yankho sadalitenge m'mabuku a kunja okha. Adayamba ndi kumva kwa amayi eniake ndi kwa azamba owathandiza. Zimene adamva adazisanja kukhala maphunziro a kusikelo. Atatero sadangokhulupirira kuti maphunzirowo ndi abwino chifukwa adawalemba ndi iwo. Adawayesa poyerekeza amayi amene adawalandira ndi amene adalandira uphungu wa masiku onse, ndipo zidaoneka kuti gulu loyambalo lidadziwa zambiri kuposa kale. Sayansi imayenda motero: kufunsa, kumvetsera, kuyesa, ndi kuvomera zimene kuyesako kwaonetsa.

Anamkungwi amene ali pano aizindikira nkhaniyi. Pakati pa Achewa, mtsikana wa pakati poyamba amalangizidwa pamwambo wa chisamba, ndipo mitundu ina ili ndi malangizo akeake a nthawi yomweyo. Choncho mutu umene pulofesayu adafufuza ndi womwe agogo akhala akuusenza kuyambira kalekale: mayi asalowe m'chikuta ali mbuli. Sayansi idawonjezapo kulemba, kuwerengera ndi kulimba mtima kosiya langizo limene lapezeka kuti likuvulaza. Mwambo wosafunsidwa umatha kusunga zabwino pamodzi ndi zoopsa, pamene mwambo wolola mafunso umapetedwa ngati mphale, madeya n'kuuluka, chakudya n'kutsala.

N'chifukwa chake n'zosangalatsa kuti pa MUST, sukulu ya mainjiniya, akatswiri a zanyengo ndi a zachipatala, palinso Bingu School of Culture and Heritage. Kumeneko ophunzira amafufuza nzeru za makolo, zilankhulo ndi nyimbo za ku Africa mwakhama lomwelo limene anzawo amafufuzira miyala ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwana wokonda ng'oma ndi mwana wokonda masamu amalowa pachipata chimodzi.

Pa utsogoleri wa Pulofesa Malata, yunivesiteyi sidadikire kuti achinyamata aipeze okha. Idayamba kuitana atsikana a m'sukulu za sekondale kudzakhala masiku angapo pasukulupo pa nthawi ya tchuthi, kuti alowe m'malabotale, agwire zipangizo ndi manja awo, ndi kucheza ndi amayi amene adapambana m'maphunziro a sayansi. Nzeru yake ndi yoonekeratu. Mtsikana amene sadaonepo mayi wa uinjiniya amaganiza kuti ntchitoyo ndi ya abambo, koma akadya naye nsima namufunsa mmene adakhozera masamu, mantha amayamba kuchepa. Yunivesiteyi idakhazikitsanso thumba la chuma lothandiza ophunzira osowa, popeza mwana wanzeru wobwezedwa pakhomo chifukwa cha fizi ndi chitayiko cha dziko lonse. Idagwirizananso ndi UNICEF ndi Virginia Tech ya ku America pa African Drone and Data Academy, yomwe idatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, kumene achinyamata a mu Africa amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege topanda woyendetsa tojambula malo a madzi osefukira ndi kunyamula mankhwala.

Wina angafunse kuti Thyolo ndi kutali, nanga zimenezi zikumukhudza bwanji mwana wa ku Salisbury Lines kuno ku Mzuzu? Zikumukhudza chifukwa mafunso a sayansi ali pakhomo pake penipeni. Dera lino lili m'chidikha, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa zimene zimachitika mvula ikalimbikira: ngalande zimasefukira, makoma a njerwa amanyowa kuchokera pansi, zimbudzi zokumba zimadzaza msanga. Chifukwa chake n'chakuti m'malo a dambo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri. Nthaka ikakhuta, madziwo amakwera, amakumana ndi zonyansa za m'chimbudzi, ndipo amatha kuyenda nazo mpaka pachitsime chosazama cha pafupi. Umo ndi mmene matenda otsekula m'mimba amafalira. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo muzu wake udali madzi ndi ukhondo.

Tsono mwana amene wafunsa amayi ake chifukwa chimene madzi a pachitsime amasinthira mtundu m'dzinja, wayamba kale ulendo umene Pulofesa Malata adayenda. Chotsala ndi chakuti funso lake lilandiridwe. Kholo likamuyankha kuti asiye matama, funsolo limafa. Likamuuza kuti akafunse aphunzitsi mawa n'kudzafotokoza kunyumba, mwanayo amaphunzira kuti kufuna kudziwa si mwano.

Malo opititsako mafunso otere sali kutali. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, yomwe idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ndipo ili ndi likulu lofufuza za madzi ndi ukhondo. Idatsogoleredwapo ndi Pulofesa Peter Mwanza, katswiri wa sayansi ya zamoyo amene pambuyo pake adakhala phungu wa mzinda uno. Ku Lunyangwa kuli malo a kafukufuku wa zaulimi. Ku Ekwendeni ndi mumzinda momwe muno muli sukulu zophunzitsa anamwino ndi azamba. Mwana wa kuno angathe kufika ku ena mwa malo amenewa pa kabaza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amasochera asanafike. Pamene pamatayika ana ochuluka ndi polowa Fomu 3, pomwe wophunzira amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso a MSCE. Mtsikana amene wakhala akumva kuti Fizikisi ndi Kemisitiri ndi za anyamata amazisiya mwakachetechete, osadziwa kuti watseka yekha khomo la udokotala, la uinjiniya ndi la ntchito zambiri zachipatala. Wina amazisankha, koma pobwera kusukulu amapeza madzi oti atunge, mbale zoti atsuke ndi mandasi oti akagulitse, pamene mlongo wake wakhala pansi ndi buku. Winanso amakwatiwa asanamalize, ngakhale kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amamutcha mwana aliyense wosakwana zaka 18.

Pamenepa mpamene osunga chikhalidwe ali ndi mphamvu yoposa ya aphunzitsi. Liwu la namkungwi limamveka m'malo amene liwu la mphunzitsi silifika. Namkungwi akauza namwali kuti kutha msinkhu si kutha sukulu, mawuwo amakhazikika. Mfumu ikafunsa za mwana amene wasowa m'kalasi, banja limadziwa kuti mudzi ukuona. Bambo akagawa ntchito za pakhomo mofanana pakati pa mnyamata ndi mtsikana, wapereka kwa mwana wake wamkazi ola lowerengera, ndipo ola limenelo tsiku ndi tsiku ndilo limasiyanitsa wokhoza ndi wolephera. Anyamatanso asaiwalike, popeza ambiri akusiya sukulu pothamangira ndalama za msanga.

Kwa inu anyamata ndi atsikana, phunziro la Pulofesa Malata ndi ili: adayamba ndi ntchito yosamala odwala, adafunsa funso limene ena ankaliona ngati wamba, adalitsata mpaka lidayankhidwa, ndipo atakwera adakumbukira otsala m'mbuyo. M'mera mpoyamba. Funsani agogo dzina la mtengo ndi ntchito yake, mulembe m'kope. Funsani aphunzitsi chimene chili m'khungwa la mtengowo. Musathawe masamu chifukwa chakuti avuta lero. Bwererani kwa aphunzitsi mawa ndi funso lomwelo mpaka limveke. Madzi amene amavutitsa Salisbury Lines chaka ndi chaka akudikira katswiri amene adakulira momwemo, wodziwa ngalande iliyonse ndi pamene imasefukira. Katswiri ameneyo angakhale ali pakati pa ana amene avina pabwalo lino lero.