Chitseko chotsekera moto m'paipi

Lero tikambe za fumbi. Eya, fumbi lomweli la ufa, la shuga, la malasha. Ambirife tili ndi ana kapena abale ogwira ntchito ya malasha ku Moatize, ena ali ku fakitale za shuga ku Mafambisse ndi ku Marromeu, ndiye nkhaniyi ndi yathu.

Ufa uli m'thumba suphulika. Koma ukauluka n'kudzaza mpweya pamalo otsekeka, kamoto kochepa chabe kamakwana. Pa 7 Febuluwale 2008, pa fakitale ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, ku America, fumbi linayaka pa lamba wonyamula shuga kunsi kwa nkhokwe. Kuphulika koyambako kunaulutsa fumbi lomwe linali litaunjikana m'nyumba zina, nalonso n'kuyaka. Anthu 14 anamwalira.

Mwamva bwino pamenepo? Moto woyamba umayenda. M'fakitale zambiri njira yake ndi mapaipi olumikiza makina ndi matanki. Ukalowa m'paipi umathamanga kwinaku ukukankha mpweya kutsogolo, ndiye pofika m'tanki yachiwiri umapeza mpweya wapanikizana kale. Kumeneko kumaphulika koposa poyamba paja.

N'chifukwa chake amisiri amaika chotsekera m'paipi, chija kuntchito amati válvula. Chosavuta kumvetsa ndi kachitseko kachitsulo kolendewera. Mpweya wokoka fumbi ndi umene umakatsegula. Kukaphulika kutsogolo, mphepo yobwerera imakamenyetsa, n'kudzikhoma kokha moto usanafike. Sikafuna magetsi, sikadikira munthu. Zina zili ndi kachipangizo komva kuti mpweya wakwera mwadzidzidzi, ndipo chitseko chimatseka munthu asanaphethire n'komwe. Palinso zopopera ufa wa soda m'paipi kuti lawi lizime.

Koma tamverani apa, abambo ndi amayi. Chotsekera chikaikidwa pafupi kwambiri ndi tanki, moto umachipeza chisanatseke, ndiye malo ake sasuntha mwachisawawa. Chinanso, fumbi likaunjikana pansi pa kachitseko kaja, kamatseka mosiya mpata, ndipo lawi limadutsa pomwepo. Amene amakamanga ndi waya ati kuti ntchito ifulumire, ine ndimati ameneyo waika anzake onse pamoto.

Ndiye mwana wanu akabwera kutchuthi, tamufunsani: chotsekera cha pamakina anu anachitsegula liti kuti achotsemo fumbi? Ngati sakudziwa, akafunse kapitawo wake pamsonkhano wa chitetezo.