Liu Lakuti "Kusamuka"

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa mafumu ndi aphunzitsi.

Ine ndine mwana pamaso panu, ndipo chinenero ichi munayamba kuchiyankhula ndisanabadwe. Komabe ndatumidwa kuti tikumbutsane za liu limodzi, lakuti "kusamuka," chifukwa ambiri tikulisokoneza ndi mau ena, ndipo kusokoneza kumeneku kumabala mabvuto.

Kodi kusamuka nkutani? Munthu wosamuka amayamba waganiza. Amakaona malo, napempha kwa mfumu, nadikira akolole. Tsono amanyamula mbeu, makasu, mitondo ndi ziweto, nasiya bwinja. Munthu wopita kukacheza kwa apongozi sanasamuke ai, pakuti nkhokwe yake iri pompo. Mtundu wathunthu ukhoza kusamuka, monga Angoni a Zwangendaba amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Ngakhale Boma limasamuka: likulu la dziko lino linachoka ku Zomba kunka ku Lilongwe m'chaka cha 1975.

Liu lomweli timalinenanso pa zolengedwa zina. Mlimi akapeza mng'oma wake uli mbee, amati njuchi zasamuka. Koma aphunzitsi taonani ichi, pakuti ana amafunsa. Ziripo zamoyo zina zimene zimachoka ndi kubweranso chaka ndi chaka. Anamzeze ena amene timawaona m'nyengo ya mvula amachokera ku Ulaya, kuthawa chisanu, ndipo mvula ikatha amabwerera kukaikira mazira kwao. Nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja kukwera mitsinje monga Bua kukaswana. Pophunzitsa zimenezi muzinena kuti "kusamuka kwa nyengo," kuti mwana adziwe kuti namzeze sasiya bwinja.

Tsono pali mau atatu amene amafanana ndi kusamuka koma sali amodzi.

Loyamba ndi kusamutsa. Apa mwini ulendo ndi wina. M'zaka za 2016 ndi 2017 njobvu pafupifupi 500 zinatengedwa pa magalimoto ku Liwonde ndi ku Majete kunka ku nkhalango ya Nkhotakota. Njobvu zija sizinasamuke, zinasamutsidwa. Polemba kalata ya ku Boma yonena za munda kapena mudzi, samalani pamenepa. Mukalemba kuti "tinasamuka" pamene munasamutsidwa, wowerenga adzayesa munachoka mwa kufuna kwanu.

Lachiwiri ndi kutchona. Masiku a Wenela amuna ambiri anapita ku migodi ya ku Joni, ndipo ena anapita ku Harare ndi ku Bulawayo. Ambiri anabwerako ndi njinga ndi mabulangete. Ena anakhaliratu, osalemba kalata, osatumiza kanthu, ndipo amenewa ndiwo matchona. Liu limeneli nlolemera. Mnyamata amene ali kunja koma amatumiza ndalama za feteleza ndi kufunsa za ana ake si mtchona. Mukamutchula chotero pa chitsime, mumalasa mtima wa mkazi wake, ndipo maukwati ena agwedezeka ndi mau otere. Nyama sititi yatchona. Liuli ndi la anthu okha, chifukwa munthu yekha ndiye ali ndi abale oti awaiwale.

Lachitatu ndi kuthawa. Wothawa alibe nthawi yoona malo kapena kudikira dzinthu. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'chaka cha 1992, anthu ngati miliyoni imodzi analowa m'dziko muno, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi kwina. Sitinawatche osamuka, tinati othawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera ambiri anabwerera kwao.

Abale anga, chimene ndadzera kwenikweni ndi ichi. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kudzaza mitsinje ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anthu mazana ambiri anafa. Amene anapulumuka usiku umenewo sanasamuke, anathawa, mwana kumbuyo, m'manja mulibe kanthu. Mbuzi, mbeu ndi makope a ana zonse zinapita ndi madzi.

Ndidziwa kuti kusiya dimba lachonde ndi manda a makolo nkowawa, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Koma inu amene nyumba zanu ziri m'mbali mwa mtsinje wosefukira kapena m'tsinde mwa phiri logumuka, kambiranani ndi mafumu anu nthawi ya chilimwe ino, madzi asanabwere. Dimba mukhoza kumalima ndithu, koma nyumba yogona ikhale kumtunda. Amene asamuka m'chilimwe amanyamula ndi nsungwi za denga zomwe.

Mafumu, thandizani anthu anu kupeza malo. Aphunzitsi, lembani mau anaiwa pa bolodi, ndipo ana akawafotokozere makolo ao kunyumba.