ZA KUSANKHA INJINI YACIWIRI YA BOTI LA BUNGWE

Mau amene Mlembi analankhula pa msonkhano wa ku Nsambe, olembedwa pano kuti afike kwa mafumu ndi abale amene sanakhoze kufika.

Ndaima pamaso panu pa nkhani imene Komiti inandituma kukafunsira. Boti limene tinasonkhera, limene likhala pa dooko kumtunda kwa Matope, liri ndi injini imodzi yokha, ndipo m'thumba la Msungi mwatsala ndarama pang'ono. Ena ati tigule injini yina yaikuru yonga yoyambayo, ngakhale ikhale yakale. Ena ati iai, nkhafi zikwanira, ndarama zipite ku zina. Ine ndadza kudzapempha njira yacitatu, ndiyo ya injini yaing'ono yoima payokha.

Ndidziwa kuti ife a kuno ku mapiri, olima tirigu ndi mbatata ya kacewere, tiri kutali ndi Shire, ndipo wina anganene mumtima mwace, Kodi za maboti zitikhudza bwanji? Koma dziko la Neno ndi limodzi, kuyambira kuno kufikira ku Lisungwi ndi ku Matope. Ndarama zathu ziri m'botimo, ndipo okweramo ndiwo ana athu, odwala athu, ndi amai onyamula malonda ao.

Tiyambe taganizira mtsinje umene botilo liyendamo. Kucokera ku Liwonde kufika ku Matope Shire ayenda mofatsa. Koma kuyambira pa Matope kufikira ku Chikwawa atsika mamita oposa 380 pa ulendo wa makilomita 80, nagwa m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Cifukwa ca mathithi amenewa, m'caka ca 1875 sitima ya Ilala, imene anadza nayo E. D. Young ndi Dr. Robert Laws, inaphwasulidwa, nisenzedwa pamitu ya makolo athu mazana mazana, nimangidwanso kumtunda, isanalowe m'nyanja pa 12 October. Ngati sitima yacitsulo inawalambalala madzi amenewo, nanga boti lathu lingatani? Pa nyanja injini ikazima tsiku la bata, munthu akhala pomwepo nayembekeza thandizo. Pa Shire madzi sayembekeza munthu, amtengera kunsi.

Izi ndinaziona ndi maso anga m'dzinja lina, pooloka m'boti la munthu wina. Tiri pakati pa mtsinje injini inatsokomola kawiri, nizima. Mnyamata anakoka cingwe mpaka manja anatupa, osayaka. Nkhafi inali imodzi, ndipo tinali anthu khumi ndi mwana wodwala. Tinapulumuka pakuti madzi anatikankhira ku bango, tinagwira bango ndi manja, pamalo pamene aliyense adziwa kuti pali ng'ona. Pambuyo pace kunapezeka kuti injiniyo inalibe cirema, koma m'petulo munali madzi. Musunge mau amenewa, pakuti ndibwererako.

Tsopano ndichule zinthu zisanu zimene amisiri a injini ndi asodzi anandilangiza, ndipo ndaziyesa m'maganizo anga, ndapeza kuti ziri zoona.

Coyamba, ukuru wace. Nchito ya injini yaciwiri ndiyo kufikitsa boti kumtunda anthu ali amoyo. Liwiro tisiyire yoyamba. Mphamvu ya injini iyesedwa ndi hosipawa, ndipo yathu ndi ya 25. Yina ya 25 ilemera kuposa thumba la cimanga la makilogaramu 50, ndipo ziwiri zotere zikakhala kumbuyo kwa boti laling'ono, kumbuyoko kumira, ndipo tidzasiya munthu mmodzi pa dooko ulendo uli wonse. Ya 15 ilemera pafupi makilogaramu 40. Ya 8 siposa 30, munthu mmodzi ainyamula. Komanso tisacepetse kopambana, pakuti kainjini ka 2 kapena 3, kokwanira pa dziwe, kadzagonja ku Shire wa mwezi wa February. Cifukwa cace tisagule ndi makutu okha. Tibwereke ya 8 kwa msodzi, tidzaze boti ndi matumba a mcenga olingana ndi anthu amene amakwera, injini yaikuru iri yokonzeka pambali, tilozetse boti kumtunda madzi atadzala. Likapitirira mtengo wa m'mbali mwa mtsinje mosabvuta, ya 8 yakwana. Likaima pamodzimodzi, tifune ya 15.

Caciwiri, kutalika kwa mwendo wace. Injini zimenezi zipangidwa za mwendo waufupi, wa mainchi 15, ndi za mwendo wautali, wa mainchi 20. Tiyese thabwa la kumbuyo kwa boti tisanapite ku sitolo. Mwendo ukafupika, pulopela atuluka m'madzi pamene boti ligwedezeka, nazungulira m'mwamba cabe, ndipo injini siimwa madzi oiziziritsa, nipsa. Ukatalika kopambana, ugunda miyala ndi mcenga, nukola namasupuni amene adzala m'Shire.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, iime payokha. Ikhale yoyatsa ndi cingwe ca dzanja, yosadalira batire; ikhale ndi thanki yaceyace ndi paipi yaceyace; ndipo petulo wace asacokere m'cigubu cimodzi ndi wa injini yaikuru. Mukumbuke ulendo wanga uja: tikadakhala ndi injini ziwiri zakumwa m'thanki imodzi, zikadazima zonse ziwiri. Kuyambira caka ca 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kucheza ethanol wa nzimbe, petulo wa dziko lino asanganizidwa naye. Ndipo ethanol akoka cinyezi, kotero petulo wokhalitsa m'thanki alowa madzi, natseka kabureta. Ndiponso tonse tikumbuka zaka za 2011 ndi 2012, pamene mafuta anasowa, anthu nagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa mseu, wina wosanganiza ndi zosadziwika. Petulo wa injini yaciwiri asefedwe, ndipo akakhala mwezi, atsanulidwe m'yaikuru, tithire watsopano.

Cacinai, mtundu wace. Pali injini zimene oyilo asanganizidwa ndi petulo, zochedwa two-stroke, ndi zimene oyilo akhala payekha monga m'galimoto, zochedwa four-stroke. Zaciwirizi zimwa petulo pang'ono, koma zilemera, ndipo ukaigoneka ku mbali yolakwa oyilo alowa kumene sayenera. Popeza yathu yaikuru ndi yosanganiza, yaing'ono ikhale yosanganizanso, kuti woyendetsa asasokonezeke pa nthawi ya mantha. Muyeso wa zambiri za izo ndiwo mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo, koma buku la injiniyo ndilo lilamula.

Cacisanu, dzina lace likhale lodziwika kwa amakaniko athu. Ole Evinrude anapanga injini yace ku Milwaukee m'caka ca 1909, ndipo dzina lace linamveka pa dziko lonse. Koma m'caka ca 2020 eni ace analeka kuzipanga. British Seagull ya ku England, yolimba ndi yosabvuta, inalekeka m'caka ca 1996. Munthu akadza ndi yotere pa mtengo wotsika, tifunse poyamba kumene tidzagula zitsulo zace. Asodzi ambiri a ku Mangochi ndi ku Monkey Bay ayenda ndi Yamaha Enduro, ndipo mapulagi ndi mapulopela ace apezeka msanga. Sindiri wamalonda wa kampani iri yonse. Ndinena kuti tigule imene makaniko wapafupi akhoza kuitsegula ndi kuitsekanso. Ikakhala yakale, tiione iri kuyaka m'madzi, iri kulabvula madzi oziziritsa kumbuyo mosadukiza.

Mafumu anga, kugula ndiko kuyamba cabe. Akuru anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Injini yosungidwa m'nyumba ya Msungi kuopa akuba siidzapulumutsa munthu pakati pa Shire. Ikhale pa boti ulendo uli wonse, yomangidwa pa thabwa lace ndi unyolo, kuti ingatayike m'madzi; iyatsidwe sabata iri yonse, niiyendetse boti pang'ono; ndipo m'kabokosi mukhale mapulagi awiri, cingwe cina coyatsira, ndi sipanala. Kwa abale amene anati nkhafi zikwanira ndiyankha kuti theka la mau ao ndi loona: nkhafi zinai, nangula wa cingwe cacitali, ndi majekete oyandamitsa munthu zisacoke m'botimo. Tisaiwale kuti sitima ya Vipya, pa 30 July 1946, inagubuduzidwa ndi mphepo pa nyanja, nafa anthu 145. Injini, zingakhale ziwiri, sizicotsa udindo wa kuwerenga anthu okwera ndi kuyang'ana kumwamba.

Cotero ndiika pamaso pa msonkhano mapempho atatu. Loyamba, kuti asankhidwe anthu atatu, mmodzi wa kuno ku mapiri ndi awiri a kumtsinje, akayese boti monga ndafotokozamo. Laciwiri, kuti ndarama zotsala zisakhudzidwe kufikira atabwera ndi mau. Lacitatu, kuti mafumu a ku dooko alamule kuti boti lisaoloke usiku kapena madzi atasefukira, kufikira injini yaciwiri itamangidwa. Walira mvula walira matope: tinafuna boti la injini, tisenzenso zimene lifuna. Ngati ndalakwa pena, akuru andikonze. 

Mlembi wa Bungwe.