Alendo a Dzinja Alikutsazika

Mwezi wa Marici ukafika pakati, mvula iyamba kuleza ku Mlolo. Cimanga cakhwima, ana alikuocha mondokwa, ndipo udzu wa m'mbali mwa mseu wocokera ku Katete kunka ku cipata ca Chanida watalika kupitirira munthu. Pa masiku amenewa munthu woyenda m'mamawa akakweza maso aona anamzeze atandanda pa mawaya, mazanamazana, alikukonza nthenga zao ndi kulongolola kosaleka. Mawa lace awapezanso. Sabata yamawa awapeza ocepa, ndipo pofika kumapeto kwa Epulo mawayawo atsala okha. Pa nthawi ya Kulamba ku Mkaika, mwezi wa Ogasiti, mtundu umenewu wa namzeze suoneka. Ubweranso ca m'Okutobala, mitambo ya mvula yoyamba ikayamba kusonkhana.

Si anamzeze onse amene acoka kotero. Alipo a kuno komwe, aja oumba zisa zadothi pansi pa milatho ndi pa makonde a masukulu. Mlendoyu asiyana nao. Pamphumi ndi pakhosi pace mpofiira ngati katondo, pacifuwa pali mzere wakuda, pamimba mpoyera, ndipo mcira wace ngwa mphanda. Koma cizindikiro coposa zonsezi ndi ici: palibe munthu, ngakhale nkhalamba yodziwa chire lonse la Chadiza, amene anaonapo cisa cace kapena dzira lace. Mbalame yosaikira mazira kuno iyenera kukhala nako kwina kumene iikira.

Anthu a ku Ulaya anazizwa ndi nkhani yomweyi, koma motembenuza. Iwo zisa anali kuziona m'makola mwao caka ciri conse. Cimene sanadziwe ndico kumene mbalamezo zinali kuthawira cisanu cikadza. Kwa zaka mazana ambiri, ngakhale anthu ophunzira kwambiri anakhulupirira kuti anamzeze amamira m'matope a pansi pa matamanda nagona momwemo kufikira kutafundanso. Omvera angaseke, koma akumbukire kuti anthuwo analibe njira yotsatira kambalame kolemera magalamu 20 okha. Mboni yoyamba yomveka inadza ndi dokowe. M'caka ca 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, munthu anaombera dokowe woyera, wa milomo ndi miyendo yofiira, ndipo anapeza kuti m'khosi mwace munali mubvi wautali, wosemedwa ndi mtengo wa ku Africa. Mlenje wina wa kuno anamlasa, dokoweyo osafa, nauluka nao mubviwo kufikira kwao. Mbalameyo isungidwa kufikira lero ku yunivesite ya Rostock, mubvi uli m'khosi.

Njira yeniyeni yodziwira inapezedwa ndi mphunzitsi wa sukulu wa ku Denmark, dzina lace Hans Christian Mortensen. M'caka ca 1899 iye anayamba kubveka mbalame timphete topepuka ku mwendo, tolembedwa nambala ndi keyala, kuti wotola mbalameyo amlembere kalata. Ena anatengera nzeruyo. Namzeze wina anabvekedwa mphete ku Staffordshire, m'dziko la England, m'mwezi wa Meyi 1911, ndipo mu Disembala 1912 anagwidwa pa famu ina pafupi ndi Utrecht ku Natal. Pamenepo nkhani ya matope inatheratu. Kambalame kosadzaza dzanja la mwana kauluka makilomita pafupifupi 10,000, kuoloka cipululu ca Sahara ndi nyanja ya Mediterranean, ndipo kacita ulendowo kawiri pa caka. Tsono anamzeze a pa mawaya a ku Mlolo sali kungoceza. Kumpoto cisanu cirikutha, mitengo irikuphuka, tizirombo touluka tirikuyamba kuculuka, ndipo nthawi yao yomanga zisa yayandikira.

Wofuna kuona bwino kunyamuka kwa alendowa atsate mseu womwe uja. Magalimoto akatundu amene aima pa mzere ku Chanida, akaoloka malire pa Cassacatiza, atsikira ku Tete, naoloka Zambezi, napitirira kufikira ku dooko la Beira, pamene mtsinje wa Pungwe uthira m'nyanja yamcere. Oyendetsa ambiri a ku Eastern Province alidziwa dookolo, koma maso ao akhala pa mapepala ndi pa katundu. Akadaceuka pang'ono akadaona zina.

Pa Beira nyanja siikhala malo amodzi. Kawiri pa tsiku madzi adzaza, ndipo kawiri pa tsiku aphwa. Pa masiku a mwezi watsopano ndi a mwezi wathunthu kusiyana kwace kufika mamita 6. Madzi akaphwa asiya bwalo lalikulu la matope, lonunkha, loterera, losakondweretsa munthu wobvala nsapato. Koma kwa mbalame amenewo ndiwo munda. M'matopemo muli nyongolotsi, tinkhono ndi tinkhanu tosawerengeka, ndipo mbalame za miyendo yaitali zitsata madzi m'mbuyo, ziri kujompha. Woonerera wanzeru sapita madzi ataphweratu, pakuti pamenepo mbalame ziri kutali, zooneka ngati timiyala. Apita madzi alikubwerera, nakhala cete pa gombe, dzuwa liri kumbuyo kwace. Madziwo ndiwo amkusira mbalame, pang'onopang'ono, monga mbusa akusira ng'ombe ku khola.

Yoyamba kudziwika ndi yaikulu, yambuu, ya mlomo wautali wokhotera pansi, imene Angelezi aicha whimbrel. Mlomowo ulowa m'una wa nkhanu monga dzanja lilowa m'thumba. Ikadzidzimuka iuluka iri kuliza mluzu wonthunthumira, womveka patali ngakhale pakati pa phokoso la makina okweza katundu m'zombo. Koma yopatsa cidwi pa nyengo ino ndi ina yaing'ono, yochedwa curlew sandpiper. Miyezi yonse ya dzinja iri ya maonekedwe a phulusa, yosayenera kuiyang'ana kawiri. Pofika kumapeto kwa Marici ndi mu Epulo nthenga za pacifuwa ziyamba kusanduka, ina madonthomadontho, ina theka, ina yofiira thupi lonse ngati njerwa yoocha. M'gulu limodzi munthu atha kuloza imene yatsala pafupi kunyamuka. Idya usana ndi usiku, malinga madzi aphwe, ndipo inenepa kufikira kulemera kwace kwaonjezeka ndi theka. Mafutawo ndiwo kamba wa pa ulendo. Tsiku lina madzulo gulu lidzuka, lizungulira pamwamba pa dooko liri kuitanizana, nililunjika kumpoto.

Kumene zipita ndi kumalekezero a Siberia, m'mphepete mwa nyanja youndana, dziko lopanda mtengo, kumene mu Juni dzuwa sililowa konse. Ziikira mazira pansi, ziswa, ndipo anapiye asanakhwime bwino makolo anyamuka kale; mu Ogasiti ndi Seputembala ali pa matope a ku Africa. Ana atsata pambuyo okha, opanda wowaonetsa njira, ndipo ambiri a iwo caka coyamba sabwerera kumpoto, angokhala kuno. Mabuku amati kwao kwa mbalamezi ndi ku Siberia, cifukwa ndiko zibadwira. Koma mbalame yokhala kumeneko miyezi iwiri, nikhala kuno miyezi isanu ndi iwiri, akuluakulu a pa bwalo akadaweruza mlandu wace mwina akadati mbumba yace iri kuno. Ciwerengero cace cirikutsika, makamaka cifukwa matope a m'magombe ambiri a pa dziko lapansi akwiriridwa kuti pamangidwe madooko ndi mafakitale. M'caka ca 2024 bungwe la IUCN linaiika m'gulu la mbalame zimene ziri pa ngozi ya kutha.

Mlolo uli kutali ndi nyanja, koma abale a mbalame za pa dooko afika ndithu. M'mbali mwa madamu ndi m'madambo a madzi osaya mupezeka kambalame kambuu, koyera kumimba, koyenda kokha, kamene kagwedeza mcira kosaleka ngati kali pa gule. Kakauluka kapita ca pamwamba pa madzi penipeni, mapiko ali njenjenje. Nakonso nkocokera kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, ndipo mu Epulo kasowa. Mnyamata wodyetsa ng'ombe akaona masiku onse, osadziwa kuti kaona maiko oposa amene mfumu iri yonse inawaona.

Adokowe ayenda mwa njira yina. Iwo ngolemera, sangathe kukupiza mapiko tsiku lonse, cotero adikira dzuwa litenthe nthaka, nakwera ndi mpweya wofunda mozungulirazungulira monga icitira miimba, natsetsereka, nakweranso. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere palibe. Ndico cifukwa cace adokowe oyera alambalala Mediterranean, nadzera ku Suez ndi ku Israel, naolokera ku Ulaya pa Istanbul pamene madzi ali opapatiza. Dokowe wamng'ono wakuda, woyera kumimba, amene atera m'minda yongolimidwa mvula ikayamba, safika ku Ulaya konse. Iye atsata mvula: ikatha kuno aipeza kumpoto, m'maiko a m'mphepete mwa Sahara kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia, kumene amanga zisa m'midzi ndipo anthu amlandira ngati mthenga wa dzinja. Mitundu iwiri yonseyi idya dzombe, ziwala ndi nchemberezandonda. Mlimi woona adokowe makumi asanu atatera m'dambo lace wapeza aganyu osafuna malipiro.

Ulendo wodabwitsa koposa ngwa kabawi wamng'ono wa miyendo yofiira, amene aoneka m'magulu akuluakulu mvula ikagwa, alikuwakha inswa m'mlengalenga. Iye abadwira kum'mawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, m'maiko a mtsinje wa Amur. Podza kuno apuma ku Nagaland, kumpoto ca kum'mawa kwa India, ndipo pambuyo pace aoloka nyanja yamcere kucokera ku India kufikira ku Somalia, makilomita 3,000, osatera. Mu 2012 kunadziwika kuti asodzi a pafupi ndi damu la Doyang anali kuchera maukonde m'mitengo mmene akabawiwo agona, ndi kuti mbalame zoposa 100,000 zinali kuphedwa pa nyengo imodzi, kuwambidwa ndi kugulitsidwa pa misika. Anthuwo sanali oipa mtima. Anali osauka, ndipo minda ya ena a iwo inamizidwa ndi damulo. Koma kabawi ali yense wowambidwa ku Doyang anali mmodzi wa aja oyenera kudzadya dzombe m'minda ya kuno. Caka cotsatira, 2013, akuluakulu a mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana nao anapangana ndi boma kuti kupha kuleke, ndipo kunalekadi. Caka comweco akabawi atatu anabvekedwa timakina touza setilaiti pamene mbalame iri. Mmodzi anamucha Pangti, ndipo anthu anatsata ulendo wace pa mapu kufikira kumwera kwa Africa.

Nkhani ya ku Pangti iyenera kumveka ku Mlolo, pakuti kunonso kuli ulimbo, kuli malegeni, kuli mankhwala a m'minda otsukidwira m'madambo. Anamzeze sagona pa mawaya. Dzuwa likalowa atsikira m'bango, zikwi pamodzi, ndipo mwana wodziwa malowo atha kudzaza thumba usiku umodzi. Palibe woletsa mwana kufuna ndiwo, ndipo mpheta zodya mapira palibe amene azilirira. Koma namzeze sadya mbeu ya munthu. Cakudya cace ndi nchenche, udzudzu ndi tizirombo tina touluka, ndipo nyama yace siikwana ngakhale mbamu imodzi ya nsima. Akale anati mlendo ndi mame. Kumupha pa sabata lomwe alikumanga katundu wace, atanenepera ulendo, nkuononga kopanda phindu.

Nchito yoonerera mbalame siifuna cuma. Magalasi oonera patali athandiza, koma anthu oleredwa kumudzi ali nao kale maso amene alendo odza ku Luangwa amalipira ndalama kuti awabwereke. Cosowa ndi kope ndi pensulo. Mphunzitsi ndi ana ace akalemba tsiku limene aona namzeze woyamba ndi tsiku limene aona wotsiriza, tsiku limene adokowe atera ndi kuculuka kwao, nacita cotero zaka khumi, sukuluyo idzakhala ndi mbiri imene palibe katswiri wa ku Lusaka ali nayo, popeza mbali ino ya malire oonerera mbalame safikako kawirikawiri. Bungwe la BirdWatch Zambia, limene linayamba mu 1969 ndi dzina lakuti Zambian Ornithological Society, lilandira zolemba zotere.

Ndipo wotola mbalame ya mphete ku mwendo asaope, pakuti si mankhwala, ndiponso si mlandu. Ngati mbalameyo iri yamoyo, awerenge nambala ndi mau onse a pa mphetepo, awalembe, naimasule mphete iri comweco. Ngati yafa, abvule mpheteyo naisunge. Alembenso tsiku, dzina la mudzi, ndi mmene anaipezera, napereke zonsezi kwa mphunzitsi kuti azitumize ku BirdWatch Zambia kapena ku ofesi ya SAFRING ku yunivesite ya Cape Town, imene isunga mbiri ya mphete za kumwera kwa Africa. Yankho likabwera lichula dziko, malo ndi tsiku limene mbalameyo inagwidwa poyamba.